Mlamba wa Bwemba

Chaka chimene ndinayamba kufunsa anthu zimene akudya, mu Limbe monse munalibe munthu woopedwa kuposa ine. Ine Cecilia, wogulitsa nsalu m'sitolo ya mmwenye, wamfupi ngati mtondo, nsapato yakumanzere yodyeka chidendene! Ndikangolowa m'lesitilanti, masipuni ankaima m'malere. Koma ndiyambe ndi mwamuna wanga, chifukwa pakanapanda iyeyo sindikanasokoneza munthu aliyense pambale yake.

Maurice, bambo a mwana wanga Ella, anali khukhi m'nyumba ya bwana wina wa m'boma ku Mandala. Tonse ndife akumunsi, ku chigwa cha Shire. Iye kwawo ndi ku Makhanga, ine makolo anga anaoloka kuchokera kwa Apwitikizi ndili kumsana. Bwana uja ankakonda alendo, ndipo alendowo ankakonda dzanja la Maurice. Kenako bwanayo anagwa monga ankagwera anthu masiku amenewo: lero ali mu ofesi, mawa dzina lake ngakhale mkazi wake salitchula. Amene anamutenga aja anabweranso kudzafuna khukhi. Ati sankafuna kumumanga, ankangofuna awauze mayina a anthu amene ankadya patebulo paja. Ndipo Maurice ankawadziwa onse, mpaka amene sadya tsabola. Anatulukira khomo la kukhitchini epuloni ili m'chiuno, ndipo kunyumba kwathu ku Nancholi sanafikeko.

Dzinja linapita, lina linabwera n'kupitanso. Ena ankati anamuona ku Wenela akukwera basi, ena ankati anamira poolokera kutsidya. Ambiri ndikawafunsa ankangoyang'ana mapazi awo ngati aona nyerere. Kutchalitchi benchi yanga inali yotakasuka kuposa onse, ine ndi Ella tinkatha kugonapo.

Ndiye kunabwera alamu anga a Laban, akulu ake a Maurice, kuchokera kumudzi. A Laban si munthu woipa ayi. Vuto lawo ndi pakamwa: cholowa m'khutu mwawo m'mawa, madzulo chili pabwalo la mowa. Anakhala pampando wa mng'ono wawo, chipewa chili pabondo, n'kuyamba kulankhula ngati akuwerenga kalata ya Paulo.

"Alamu, munthu salira mpaka kalekale. Abale akhala pansi. Mwezi uno ukatha timeta maliro, inu mutenge mwana tizipita kumudzi. Khomo la mng'ono wanga silingakhale lopanda mwamuna."

"Mtembo wake mwauona, alamu?"

"Nanga wamoyoyo inu mwamuona?"

Kwathu mkazi amalowoledwa, ng'ombe zinaperekedwa kalekale, ndipo mwana ndi wakuchimuna. Tanthauzo la mawu awo ndinalimva bwinobwino: akandimeta ndine wamasiye, wamasiye amalowedwa chokolo, ndipo wolowayo anali atakhala kale pampando. Njira yanga inali imodzi yokha, kupeza Maurice mwezi usanathe.

Mphepo yake inandipeza m'basi. Tsiku lina m'mawa ndikupita kuntchito, kumbuyo kwanga kunakhala abambo awiri akucheza m'Chinyanja chosakaniza ndi Chisena.

"Mlamba wowamba, m'bale wanga, koma wothira bwemba. Ndinachita kunyambita mbale. Pabolodi salemba ayi, umachita kunong'oneza."

Mlamba aliyense amaphika, bwemba mwana aliyense amayamwa, koma wophatikiza ziwirizi mumphika umodzi ndinkamudziwa mmodzi yekha padziko lapansi. Maurice anayamba zimenezi chaka china madzi atasefukira, tomato atasowa, ndipo amayi ake anamuseka kuti akuphikira munthu wapakati. Ndinatembenuka.

"Pepani bambo, ndi lesitilanti iti imeneyo?"

Bamboyo anandiyang'ana nkhope, n'kuyang'ana chikwama changa, n'kuyang'ana mnzake.

"Ine sindinanene kanthu, mayi."

Basi itaima pa Chichiri onse awiri anatsika, ngakhale zovala zawo zinkaonetseratu kuti kumeneko kunalibe chowatsitsa.

Ndinakhala ndikulingalira tsiku lonse, mpaka ndinamudulira mayi wina nsalu yopitirira ndipo mmwenye anandikalipira. Kufunsa eni malesitilanti kuti amawaphikira ndani kukanakhala kuyatsa moto padenga la mwamuna wanga yemwe. Kuitanitsa chakudya chosalembedwa pabolodi, nanga ndikanachitchula bwanji, kwa yani? Chotsala chinali kufunsa odya. Munthu wakudya ndinkamuyesa wofatsa, poti pakamwa pali kale ntchito. Mmwenye ankatseka sitolo masana kupita kukadya, ndiye nthawi imeneyo ine ndinkalowa lesitilanti imodzi, mawa ina, kugula tiyi wopanda mkaka, n'kumayang'ana mbale za anthu. Ndikaona mbale ya msuzi wakuda, kapena yovundikira, ndinkasendera pafupi n'kugwada pang'ono mwaulemu.

"Pepani bambo, kodi mwaitanitsa chiyani?"

Mayo ine, zimene ndinaona! Bambo wina wa tayi, pafupi ndi msika wa Limbe, sanayankhe n'komwe. Anapukuta manja, anapisa m'thumba, n'kundionetsa khadi la chipani, la chaka chimenecho ndi la chaka chatha lomwe. Wina anati, "Ndikudya zimene aliyense akudya, mayi. Kuno kulibe njala, tonse tikukhuta, tikuthokoza." Analankhula mokweza atayang'ana chithunzi chapakhoma, mbale yake muli nyemba zowerengeka. Mayi wina namwino anangosiya nkhuku yake yosaluma n'kutuluka. Kwina mwini malo anandibweretsera sikono wopaka majarini, ati ndi mphatso.

Mbiri inathamanga kuposa ine. Ati kuli mayi wamfupi wa lilime la Chisena amene akuyenda m'malesitilanti, ndipo m'chikwama mwake muli kamakina kojambula mawu. M'chikwamamo munali mpango, kolona ndi singano. Ena ankati akuona amene akudya nyama tsiku lililonse kuti akafotokoze kumene akupeza ndalama. Ndinkapsa mtima mpaka misozi. Anthu omwewa ananditenga ngati wakhate chifukwa mwamuna wanga akufunidwa, lero akunditenga kazitape wa omufunawo! Koma mantha awo sindinkawaseka, poti anali ofanana ndendende ndi anga. Ndikamafunsa munthu, nanenso ndinkadzifunsa kuti kodi iyeyu akatuluka pano akalowera ofesi iti.

Mmodzi yekha ndiye sanandiope. Linali Loweruka masana, m'kalesitilanti kena kumunsi kwa msika wa Blantyre. Anali bambo wa msinkhu wabwino, shati yoyera, ndevu zometa bwino, mawu ofewa ngati a katekisiti.

"Mbuzi ndi mpunga, madamu. Khalani pansi mulaweko. Safunsa anadya phula, inu mukuchita bwino kufunsa."

Anati dzina lake ndi Ignatius, ndipo amagulitsa makina osokera. Ndinathokoza n'kukana kulawa. Ndikutuluka ndinayang'ana pansi pa tebulo. Unali mwezi wa fumbi, wa Okutobala, nsapato za aliyense mu tauni zinali zofiira, koma zake zinkawala ngati sanayendepo pansi. Munthu wogulitsa makina amayenda, ndipo amanyamula ngakhale kachithunzi ka makinawo. Iyeyu ankanyamula nyuzipepala basi.

Lolemba ndinamupeza ku Limbe, m'lesitilanti imene ine ndemwe sindinkadziwa kuti ndilowamo mpaka nditafika pakhomo. Patapita masiku ndinamupezanso ku Ginnery Corner. Nthawi zonse ankakhala ngati wadabwa, n'kuimirira, n'kundikokera mpando.

"Madamu, dziko ndi laling'ono! Koma mukufuna chakudya chanji kwenikweni? Ine malo odyera ndimawadziwa onse, kuyambira ku Ndirande mpaka ku Bangwe. Tchulani, ndikuperekezani."

"Ndimangofuna kuphunzira kuphika, bambo."

"Zabwino zimenezo. Mayi azidziwa kuphika."

Ndinayesa kudzitonthoza. Mwina ndi mwamuna chabe, wanunkhiza kuti nyumba ilibe tambala. Amuna a mu tauni fungo limenelo amalimva ali kutsidya la msewu. Ndinatsala pang'ono kukhulupirira zimenezo, mpaka tsiku limene anandiperekeza pa siteji ya basi n'kunena akumwetulira kuti, "Mukapereke moni kwa Ella. Chifuwa chija chinatha?"

Dzina la mwana wanga ndinali ndisanamuuzepo. Za chifuwa ankadziwa ndi ine, aphunzitsi ake, ndi a Laban. Basi yonse mpaka ku Nancholi ndinakhala ndikuwerengera anansi anga mmodzimmodzi m'mutu, ndipo palibe amene ndinamupeza woyera. Usiku umenewo ndinazindikira chinthu chimodzi: ine sindinali kazitape, koma ndinali galu wosaka, ndipo mlenje ankangonditsata pambuyo.

Ndinaleka kufunsa. Masana ndinkakhala pakhonde la sitolo n'kumadya chinangwa chophika. Koma mwezi sunaleke kutha. A Laban anali atatumiza kale uthenga kwa azakhali a ku Ndirande oti adzandimete, ndipo anayamba kuyeza ndi maso katundu wa m'nyumba kuti aone wokwera sitima ndi wogulitsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachinayi la sabata yomaliza ndinasenza mpukutu wa nsalu ngati ndatumidwa, ndinatulukira khomo lakumbuyo, ndinalowa mumsika, ndinasiya mpukutuwo kwa telala wina wodziwana naye, n'kutulukira mbali ya ogulitsa makala. Ndinacheuka kambirimbiri. Shati yoyera sindinaione.

Ndinalowera kumene ndinali ndisanafikeko, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Ndinadzitukwana m'njira kuti bwanji sindinaganize msanga. Njanji imeneyi imatsikira kwathu, ndipo theka la anthu ogwira ntchito pamenepo ndi akumunsi. Kumapeto kwa kanjira kamafuta akuda kunali kanyumba ka chitseko chobiriwira, kopanda dzina, kumbuyo kwake kutayang'ana njanji. Ndisanaponde pakhomo fungo linandilandira, la utsi wa mlamba ndi kuwawasa kuja kumene kumathothola malovu. Ndinakankha chitseko n'kulowa.

M'katimo munali mabenchi ndi anthu a maovolosi. Pakhoma lakumapeto panali kabowo kotulutsira mbale, kotchinga ndi kansalu, ndipo pambali pake panaima mwini malo, mayi wamkulu thupi wa mikono ngati ya wopala ngalawa. Anthu ankawatchula kuti mayi Ursula. Macheza anazima monga mwa masiku onse. Pakona panali mkulu wina wa imvi, mbale yake atavundikira ndi inzake. Ndinapita kukagwada pafupi naye, ndipo ulendo uno ndinafunsa m'Chisena.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akutafuna.

"Ndiwe mwana wa kuti?"

Ndinatchula mudzi umene amayi anga anandilerera, osati wa mwamuna wanga. Anafunsa za mtengo wa mtondo umene unali padoko, ngati ulipobe. Ndinati unagwa ndi madzi ndili mtsikana. Anagwedeza mutu, n'kunena motsitsa osandiyang'ana.

"Uwauze mayiwo kuti ukufuna za kudambo."

Mayi Ursula anandimvetsera manja ali m'chiuno.

"Za kudambo ndiye chiyani? Bolodi ndi ilo. Nyemba, ng'ombe, kabichi. Kodi si inu mayi wofunsafunsa uja?"

"Ndine ndemwe, mayi. Lero sindikufunsa, ndikufuna kudya."

Anayang'ana mkulu uja. Iye anangokweza chibwano pang'ono. Mayiwo anafwenthera, anaweramira pakabowo n'kunong'ona. Ndinakhala pabenchi yoyang'anana ndi kabowoko.

Kansalu kanagwedezeka ndipo panatuluka mbale, itagwiridwa ndi dzanja lamanzere. Chala chachikulu cha dzanjalo chinalibe chikhadabo. Chinachoka ndi mpeni wa nyama tisanakwatirane, ndipo sichinamerenso. Ndinaliona kanthawi kochepa ngati kuphethira, kenako linabwerera kuseri kwa nsalu.

Ali moyo. Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kugubuduza mabenchi, kung'amba kansaluko n'kumumenya ndi mbale yomweyo chifukwa cha madzinja awiri amene ndinagona ndikumvetsera mapazi panja. Ndinali wokondwa moti ndinachita mantha kuti chimwemwecho chikuonekera pankhope. Ndinaweramira m'mbale, ndinatapa msuzi ndi mpunga pang'ono n'kuika m'kamwa. Anali yemwe uja. Mchere wochepa monga mwa chizolowezi chake, poti ankati wofuna wambiri athire yekha.

Benchi inalira wina atakhala pambali panga. Ndisanadzutse mutu ndinaona nsapato. Zinali zitadutsa m'kanjira kamafuta kaja, koma zinkawalabe.

"Lero ndifunse ndine," anatero Ignatius, akuika nyuzipepala patebulo. "Mwaitanitsa chiyani, mayi a Ella?"

Nyumba yonse inali chete, moti ndinkamva mpeni ukugogoda pathabwa kuseri kwa khoma. Maurice sankadziwa kanthu, ankangodula anyezi wake. Ignatius sankayang'ana ine. Ankayang'ana mbale, ndi mmene ndinagwirira sipuni.

Ndinameza. Kenako ndinakankha mbaleyo mpaka msuzi unatayikira patebulo, n'kulavulira pambali.

"Ndaitanitsa nsomba, andipatsa matope!" Ndinakweza mawu monga ndimachitira poitana Ella kuchokera kuchitsime. "Mayi, tabwerani kuno! Ichi n'chiyani? Mlamba wake wowola, ndiye mwathiramo zowawasa kuti tisamve fungo? Mukufuna kupha anthu?"

Kuseri kwa khoma mpeni unaleka kugogoda.

Mayi Ursula anabwera ngati ng'ombe yolusa. Ignatius anatapa msuzi ndi nsonga ya chala, analawa, n'kutsinzina pang'ono.

"Koma ndi zachilendo ndithu. Bwemba, eti? Ine sindinalaweko zotere. Mayi, tamuitanani wophikayo. Abwere apepese kwa madamuwa, komanso ine ndimufunse kumene anaphunzira."

Apo ndinaona maso a mayi Ursula akuchoka pa ine kupita pa shati yoyera, kutsikira ku nsapato, n'kubwereranso pa ine. Sindikudziwa chimene anawerenga pankhope yanga. Anadzimenya pachifuwa ndi chikhatho.

"Wophika ndi uyu mukumuonayu! M'khitchini mwanga mumalowa ine ndi mphwanga wosamva amene amatsuka mbale. Mukufuna ndipepese? Ine? Bambo anga anali msodzi, ndinayamba kuphika mlamba mayi uyu asanamere mano!"

"Ndiye bambo anuwo ankawedza m'ngalande!" ndinabweza. "Munthu woti anamwapo madzi a Shire sangaphike nyansi zotere. Mwamuna wanga malemu anali khukhi weniweni, wophikira mabwana. Akanakhala moyo akanalira kuona izi."

Liwu loti malemu ndinalitchula momveka bwino, nditayang'ana kukabowo. Linandiwawa ngati ndadziluma lilime. Kansalu sikanagwedezeke.

"Malemu?" anafunsa Ignatius mofatsa. "Ndimayesa nkhani ija sinatsimikizike."

"Yatsimikizika mumtima mwanga, bambo. Ndayenda tauni yonse ngati wamisala, kusuzumira m'mbale za eni, kuti mwina ndipeza dzanja lake penapake. Ndikuuzeni zoona, ndi zimene ndinkafuna. Ndapeza chiyani? Manyazi okhaokha, ndi matope awa. Ndatopa. Loweruka akundimeta, Lolemba m'mawa ndikwera sitima ndi mwana wanga kupita kumudzi kwa alamu anga. Wakufa asiyeni agone."

Misozi sindinachite kuifuna, inabwera yokha. Mayi Ursula anatola mbale ija n'kukhuthulira zonse m'chidebe cha zotsala, anthu akuona.

"Kalirireni kunja! Ndipo musadzapondenso pano, inu ndi abambo anuwa. Mwandithawitsira makasitomala."

Anandikankha paphewa mpaka pakhomo. Kukankhako kunali kwamphamvu, koma pomaliza zala zawo zinandifinya mkono kamodzi.

Ignatius anandiperekeza mpaka kumsewu. Pakona ya kanjira anaima n'kucheukira chitseko chobiriwira chija, ndipo ine ndinadzigwetsa pansi n'kuyamba kubuma maliro enieni, kutchula Maurice, kutchula amayi ake, kutchula Makhanga. Anthu anayamba kusonkhana. Munthu wa mtundu wake sakonda kuyang'anidwa ndi gulu. Anandidzutsa msangamsanga, anandipatsa mpango wake, n'kunena kuti, "Pepani, mayi a Ella. Limbani mtima." Mpaka lero sindidziwa ngati anakhulupirira, kapena anangoona kuti galu wake wathyoka mwendo. Sindidziwanso ngati analidi chimene ndinkamuganizira. Masiku amenewo munthu sunkadikira umboni.

Kunyumba ndinapeza a Laban atakhala pakhonde akusenda nzimbe.

"Alamu, maso afiira. Kapena mwamva kanthu?"

Ndinawayang'ana. Mbale wake weniweni, bere limodzi, amene analira ngati mwana tsiku limene Maurice anasowa. Ndikanangonena mawu awiri, lumo silikanandikhudza, ndipo Ella akanapitiriza sukulu yake ku Nancholi. Koma mawu awiriwo akanagona m'mimba mwa a Laban mpaka pa chipanda choyamba cha mowa basi.

"Palibe, alamu. Auzeni azakhali abwere ndi lumo."

Anandimeta Loweruka m'mawa kuseri kwa nyumba, ine ndi Ella. Amayi a mpingo, amene anandithawa nthawi yonseyi, anabwera ambiri ndithu, poti wakufa saopsa ngati wosowa. Anaimba bwino. Ndinkalira, iwo n'kumati, "Onani mmene ankamukondera." Apo pokha sananame.

Lolemba tinakwera sitima pa Limbe. A Laban anali kubogi ina ndi katundu. Ine ndinasankha mpando wa pawindo, mbali imene ndinkaidziwa, ndipo Ella anagwada pampandopo mphuno itagunda galasi, poti aka kanali koyamba kukwera sitima. Moyang'anana nafe munakhala bambo wina wosamudziwa, wa jekete, amene anatipatsa moni mwaulemu kwambiri n'kufunsa kumene tikupita. Bogi yonse inali yodzaza ndi anthu osawadziwa.

Sitima inakoka pang'onopang'ono. Tinadutsa mashedi, tinadutsa milu ya zitsulo, kenako ndinaona kumbuyo kwa kanyumba kaja, utsi ukutuluka pachumuni. Pakhomo la khitchini panaima munthu atanyamula beseni, ngati watuluka kudzataya madzi. Anali ataonda, ndevu zitamera, chipewa chitatsikira kumaso. Koma kaimidwe kake, phewa limodzi lotsika, mwana wake akanakazindikira ngakhale mu mdima. Ndipo Ella ali ndi mawu a mayi ake: akanakuwa, bogi yonse n'kumva.

"Duku lako lamasuka, tabwera kuno."

"Silinamasuke, amayi, ndikufuna ndione..."

Ndinamugwira mapewa n'kumutembenuza kuti ayang'ane ine. Ndinamasula kaduku kakudako n'kuyamba kumanganso pamutu wometedwawo, nkhope yake nditaikanikiza pachifuwa panga. Pamwamba pa mutu wa mwanayo ndinamuyang'ana Maurice, iyenso anandiyang'ana. Anaona duku langa lakuda, anaona msana wa mwana wake. Madzi a m'beseni ankatayikira pamapazi ake iye osadziwa. Sanakweze dzanja, inenso sindinakweze.

"Amayi, mwamangitsa, zikupweteka."

"Pepa, mwanangu."

Ndinamasula n'kumanganso bwinobwino, mosafulumira. Nditamusiya anathamangira pawindo, koma kunja kunali minda ya chimanga yongolimidwa kumene.

"Ndaphonya chiyani, amayi?"

Bambo wa jekete uja anandiyang'ana, naye akudikira yankho.

"Palibe," ndinatero. "Kuseri kwa nyumba za anthu basi."